NYANJA SIDZITSUKA YOKHA, TISIYE KUDZINAMIZA

 Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa bandulo ndi yodula, koma werengani mpaka pansi musanandiyankhe. Ine ndine mwana wa msodzi. Fizi yanga yonse inachokera mu usipa, ndiye pa nkhani ya nyanja sindingakhale chete ngati mlendo.

Lero ndikufuna kulimbana ndi bodza limodzi limene timalikonda kuno kugombe. Munthu akutaya mapampasi m'madzi, wina akukhuthulira oyilo wakuda wa injini pamchenga, wina wakhala m'bango kudzithandiza, ukamufunsa yankho lake ndi lomwelo: "Aaa inu, nyanja ndi yaikulu iyi, imadzitsuka yokha." Mawu amenewa ndawamva kwa alovi, kwa amayi ogula nsomba, ngakhale kwa anthu ovala mataye. Ndi bodza, ndipo bodzali likutidwalitsa ndi kutisaukitsa.

*NYANJAYI ILI NGATI MTSUKO WA KABOWO KAMODZI*

Inde ndi yaikulu. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 500, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Koma tawerengani mitsinje yothira madzi m'menemu: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, Ruhuhu wa ku Tanzania, ndi timakwawa tosawerengeka. Nanga yotulutsa? Umodzi basi, Shire, amene amayambira pa Mangochi pomwepa n'kudutsa pansi pa mlatho kupita ku Malombe. Ndipo Shireyo amatenga gawo laling'ono chabe. Madzi ambiri amachoka m'nyanja ngati nthunzi, dzuwa ndi mphepo zikawauma.

Amayi mukudziwa chimene chimachitika mukaiwala ndiwo pamoto. Madzi amauluka, mchere umatsalira mumphika. Nyanja nayo ndi choncho. Nthunzi imakweza madzi okhaokha, zimene tathiramo zimatsala. Akatswiri amene anawerengera amati kuti Shire atulutse madzi ofanana ndi onse amene ali m'nyanjamu, pangapite zaka mazana angapo. Ndiye mukamati "imadzitsuka", mukunena kuti idzatsukika nthawi ya ndani? Ya zidzukulu za zidzukulu zanu?

China chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Nsomba imapuma ngati ife, kungoti mpweya wake wa okosijeni ndi wosungunuka m'madzi ndipo imaukoka ndi makha. M'nyanja yathu, ukatsika kupitirira mamita 200 kapena 250, okosijeni kulibe. Pansipo ndi madzi akufa, nsomba sizikhalako. Zimene zimalimba mtima kutsikira kumadzi opanda mpweya ndi timphutsi ta nkhungu, tija timathawirako masana kuopa kudyedwa, kenako n'kudzauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja. Choncho nyanja yamoyo, imene imatidyetsa, ndi kachigawo kapamwamba ndi m'mphepete. Ndi yaing'ono kusiyana ndi mmene maso amatinamizira.

Mbali yathu ino ya kumwera ndi yosaya. Mwera ukaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi otentha apamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira apansi okhala ndi chakudya cha ndere amakwera kuno kwathu. Ndere zosaoneka ndi maso zimachuluka, tizilombo ting'onoting'ono timadya nderezo, usipa umadya tizilomboto, kampango ndi mcheni zimadya usipa. N'chifukwa chake dera lathu lino ndi limene lakhala likupha nsomba zambiri m'nyanja yonse. Ndi nkhokwe ya dziko. Ndiye nkhokwe yomweyi ndi imene taisandutsa dzala.

*FUNSANI NKHONO, IKUUZANI*

Amene akuti madzi athu ali bwino apite pasukulu ya pulayimale iliyonse ya m'mphepete mwa nyanja, akafunse anyamata angati amakodza magazi. Ena mpaka lero amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi amalume, ameneyo akudwala likodzo.

Ulendo wa likodzo ndi wotere. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa. Tizilombo totulukamo timafunafuna nkhono ya mtundu wake, timalowamo, timachulukana, kenako timatuluka miyandamiyanda n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Popanda mkodzo wathu m'madzi, likodzo silingayende. Popanda nkhono, silingayendenso.

Kale anthu ankati likodzo ndi la m'madambo ndi m'bango, pamchenga woyera palibe. Zinali ndi chifukwa chake. M'nyanjamu muli nsomba zokhala ndi mano olimba kukhosi, ntchito yake kuphwanya zigoba za nkhono n'kudya. Imodzi akatswiri amaitcha Trematocranus placodon. Nsomba zimenezi zinali apolisi athu a m'madzi, osalandira malipiro. Jay Stauffer, katswiri wa ku America amene anafufuza kwa zaka zambiri ku Chembe, pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono, nkhono yotchedwa Bulinus nyassanus, imene imakhala pamchenga weniweni, inachuluka ndipo inapezeka kuti ikufalitsa likodzo. Tinadya apolisi, mbava zinalowa m'mudzi.

Sizinathere pomwepo. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a kuno ku Malawi anapeza nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, m'magombe a Mangochi. Nkhono imeneyi imanyamula likodzo la m'matumbo, lija limayenda ndi chimbudzi n'kuwononga chiwindi. Atayeza ana asukulu a m'mphepete mwa nyanja anapeza kuti nalo lafika. Ndiye pano tili ndi mitundu iwiri, wina wa mkodzo wina wa chimbudzi. Mapiritsi a praziquantel amene amagawa m'masukulu amapha nyongolotsi m'thupi, zikomo kwambiri, koma mwana akamwa lero mawa n'kubwerera m'madzi omwewo, tikungotunga madzi ndi dengu. Ndipo likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo, limatha kuyambitsa khansa, ndipo kwa amayi limabweretsa zilonda kunjira ya chiberekero zimene ena amazisokoneza ndi matenda opatsirana pogonana. Mabanja akukangana chifukwa cha nkhono, eti.

*DOTHI LA KUPHIRI LIKUKWIRIRA CHAMBO*

Tembenukani muyang'ane mapiri a Namizimu kumbuyo kwathuku. Akuluakulu akuuzani mmene nkhalango inaliri. Lero matumba a makala akutsika panjinga tsiku lililonse, nkhuni zowambira nsomba nazo zikuchokera komweko. Mvula yoyamba ikagwa, taonani mtundu wa madzi pamene makwawa akuthirira m'nyanja: ofiira ngati tiyi wamkaka. Limenelo ndi dothi la m'minda, ndipo likubwera ndi feteleza amene mlimi anagula modula.

Wina anena kuti dothi ndi dothi, si poizoni. Tamverani. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimanyamula mazira ndi ana mkamwa, kenako chimakawasiya kumadzi osaya kumene kuli udzu ndi bango. Matope akakwirira mchengawo, madzi akada moti dzuwa silifika pansi, udzu wa m'madzi umafa ndipo ana a chambo amasowa pobisala. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala, ndiye matope akakuta miyala chakudya chatha. Komanso nsomba zambiri za mtundu umenewu zimasankhana pokwerana poona mawanga ndi mitundu ya khungu. M'madzi akuda sizionana bwino.

Feteleza naye ali ndi nkhani yake. Nayitrojeni ndi fosiforasi zimene zimakulitsa chimanga ndi zomwezo zimakulitsa ndere. Pang'ono n'zabwino, monga mwera umachitira. Zikachuluka, kuphatikizapo zochokera m'zimbudzi ndi sopo, ndere zimabuka mopitirira, kenako zimafa n'kumira. Tizilombo toziwoletsa timamaliza okosijeni wa m'madzi. Ndipo madzi akamatentha amasunga okosijeni wochepa. Nsomba imafa ndi kubanika ili m'madzi momwemo.

Si nthano izi. Anzathu a ku Lake Victoria, ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anaziona. Nkhalango zitatha ndi mizinda itakula, madzi awo anada, pansi pake mpweya unachepa, namasupuni anatseka madoko m'zaka za m'ma 1990, ndipo pamodzi ndi nsomba yolusa ya Nile perch imene anaikamo m'zaka za m'ma 1950, mitundu yambirimbiri ya nsomba zawo inasowa. Yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ikadali bwino kuposa Victoria, ndipo nsomba zathu zikadali zabwino kudya. Koma Victoria nayo inali bwino tsiku lina.

Ngati Uganda ndi kutali, pitani pa Malombe, ulendo wa kabaza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Malombe ankatulutsa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Patangotha zaka khumi zinatsika mpaka matani mazana ochepa. Makoka a kambuzi ndi nkacha anapha ana a chambo ndi kupalapasa udzu wapansi. Makomiti a m'magombe, ma BVC aja, anayambira komweko mu 1993 pofuna kupulumutsa zinthu, koma madzi akatayika saoleka. Mpaka lero chambo cha Malombe sichinabwerere mwakale. Ndipo ntchila, imene agogo athu ankaipha yambirimbiri, achinyamata a lero ambiri sanailaweko.

*ZIMENE TIKUTHIRAMO NDI MANJA ATHU*

Apa ndilankhule ndi ife eni gombe, popanda kunyengererana.

Masikito aulere amene timalandira kuchipatala anawanyika m'mankhwala opha udzudzu, a gulu la permethrin ndi deltamethrin. Kwa munthu wogona m'kati mwake alibe vuto. Kwa nsomba ndi tizilombo ta m'madzi, mankhwala amenewa ndi oopsa ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Ndiye ife tikusoka masikito khumi kukhala khoka, n'kumakoka m'malo momwe ana a nsomba amakulira. Maso ake ndi aang'ono moti ngakhale mazira sapulumuka. Usiku mwana akulumidwa ndi udzudzu, masana neti yake ikupha ndiwo za chaka chamawa. Kutaya kawiri.

Katupe naye, uja ena amasinja n'kuthira m'mitsinje ndi m'maiwe. Muli mankhwala otchedwa rotenone amene amalowera m'makha n'kulepheretsa thupi la nsomba kugwiritsa ntchito mpweya. Sasankha, amapha yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Mitsinje imeneyo ndi imene mpasa ndi sanjika zimakwera kukaswana.

Nanga majumbo? Pulasitiki siwola ngati tsamba. Dzuwa ndi mafunde zimangoiphwanya kukhala tizidutswa tosaoneka, timene timasakanikirana ndi chakudya cha nsomba. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chipitirire, makampani n'kubwereranso kukhoti. Mayi Gloria Majiga-Kamoto mpaka analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi nkhaniyi. Zaka zonsezo maloya akukangana ku Blantyre ndi ku Lilongwe, majumbo amangobwera kugombe. Kokani khoka lero muone zimene zitulukemo. Onjezani mabatire otha a matochi a usiku, maukonde ong'ambika amene timangowasiya m'madzi n'kumapitiriza kupha nsomba popanda mwini, ndi oyilo wa injini. Mankhwala ena, monga mercury, thupi la nsomba silitha kuwachotsa msanga. Yaing'ono ikadyedwa ndi yaikulu amasamukira mwa yaikuluyo, n'kumaunjikana. Kumapeto kwa mzere umenewu kuli mbale ya nsima ya mwana wanu.

*KOMA MABWANA, MUSATILOZE CHALA IFE TOKHA*

Tsopano nditembenukire kwa inu oyenda pa magalimoto oyera. Kolera itabuka mu Marichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, inafalikira dziko lonse mpaka 2023 ndipo inapha anthu oposa 1,700. Inali yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya Malawi, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023. Nthawi imeneyo magombe athu anaona alendo ambiri, zimkuzamawu, klorini, zikwangwani. Uthenga unali womwewo: asodzi ndi auve, asodzi amadzithandizira m'nyanja.

Chabwino, tavomera. Koma tandiyankhani. Padoko pamene pamasonkhana anthu mazanamazana m'bandakucha, alovi, ogula, ogulitsa mandasi, pali zimbudzi zingati? Chimbudzi chokumba pamchenga chimagumuka mvula yoyamba, ndipo madzi apansi ali pafupi. Chofunika ndi cha simenti chokwezeka, ndipo chimenecho mlovi payekha sangachikwanitse. Ziphaso timalipira, misonkho ya pamsika amayi amadula tsiku ndi tsiku. Ndalama zimenezo zimabwerera liti kugombe? Mpopi kapena mjigo ukakhala kutali kapena wawonongeka, mayi atunga kuti madzi akumwa? Kuuza munthu kuti asamwe madzi a m'nyanja usanamupatse ena ndi chipongwe.

Ndipo uve si wa osauka okha. Nyanja itakwera mu 2023 ndi 2024, madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mphepete mwa Mangochi. Maenje a zimbudzi za malo amenewo, omangidwa masitepe ochepa kuchokera pamadzi, zam'kati mwake zinapita kuti? Ndani analoleza kumanga pamenepo? Msodzi akagwidwa ndi neti yoletsedwa amaiwotcha anthu akuona, zithunzi mpaka pa Facebook. Ndi bwino. Koma lamulo likhale ndi maso awiri. Amene amadula bango lonse kuti alendo aone mchenga woyera, amene amalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, amene magalimoto ake amanyamula makala usiku, nawonso akupha chambo chomwecho.

Funso langa lalikulu ndi ili. Dziko lino lili ndi akatswiri. Ku Monkey Bay kuli malo ofufuzira za nsomba, ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, kuli bungwe la MEPA loteteza chilengedwe limene linabwera ndi lamulo la 2017, kuli mayunivesite. Kuyeza madzi si ufiti: kuona kuchuluka kwa okosijeni, kuda kwa madzi, tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndi nkhono zimene zili ndi likodzo. Nanga bwanji ife amene timasamba, kumwa ndi kugwira ntchito m'madzi amenewa sitiuzidwa zotsatira m'chilankhulo chathu? Malipoti achizungu osungidwa pa intaneti sathandiza mayi amene akuchapa matewera pagombe. Mtengo wa feteleza timaudziwa, zigoli za Bullets ndi Wanderers timazidziwa, koma madzi amene mwana wathu akusambamo sitikuwadziwa.

*"AGOGO ATHU ANKACHITA ZOMWEZI"*

Ndikudziwa wina ayankha choncho mugulu muno. Zoona, ankasamba ndi kuchapa momwemu. Koma kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi monse. Wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni, ndipo Mangochi yokha inali ndi anthu oposa miliyoni imodzi. Agogo analibe majumbo, analibe mapampasi, analibe injini, analibe masikito a mankhwala, ndipo mapiri anali ndi mitengo. Nyanja ndi yomweyo, katundu amene taisenzetsa ndiye wachuluka.

Wina ati, "Ndife osauka, tidye chiyani?" Limeneli ndi funso lenileni ndipo sindikulipeputsa. Njala ndimaidziwa, nyumba ya msodzi mwera ukakana kuleka. Koma wolemera nsomba zikatha agulitsa boti n'kugula minibasi. Wosauka ndi amene adzatsale pano ndi madzi akuda, mwana wodwala likodzo ndi thandala lopanda usipa. Ndiye nkhani yosamala madziyi ndi ya ife osauka kuposa wina aliyense.

Ndipo n'zotheka. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira a kumeneko akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja chaka chilichonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndi malamulo okhwima a pachilumba. Sanadikire thandizo la kunja. Asodzi amamvera chifukwa potsegulira amaona okha phindu lake. Ngati anzathu akutha, ife chikutikanika n'chiyani?

*ZIMENE NDIKUPEMPHA*

Kwa mafumu athu ndi ma BVC: doko lililonse likhale ndi lamulo lolembedwa, ndipo chindapusa chikhale chimodzi kwa mlovi ndi kwa mwini maboti asanu. Bango ndi udzu wa m'madzi zikhale malo osakokapo khoka chaka chonse, osati nyengo yotseka ya Novembala ndi Disembala yokha. Nsomba zodya nkhono zipeze pobwererera.

Kwa makhansala ndi aphungu: gawo la ndalama zotoleredwa pamadoko ndi m'misika ya nsomba limange zimbudzi za simenti ndi mipopi pamadoko pomwepo, ndipo ndalamazo ziwerengedwe poyera. Musadikire kolera ina kuti mudzatikumbukire.

Kwa akatswiri: yezani madzi a Malindi ndi magombe ena nthawi ndi nthawi, makamaka mvula ikayamba, ndipo zotsatira muzimate pabolodi padoko, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Yezaninso zimene zikutuluka m'malo ogona alendo, osasiya ndi amodzi omwe.

Kwa atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi: anthu amakumverani Lachisanu ndi Lamulungu. Auzeni kuti kukodza magazi ndi matenda, ndipo kukodzera m'nyanja ndi kupatsira mwana wa mnzako.

Kwa inu a ku Joni: potumiza ndalama za ukonde, funsani kukula kwa maso ake. Boti ndi lanu, tchimo la neti nalonso ndi lanu.

Kwa ife tonse: neti ya udzudzu ibwerere pamphasa, oyilo wakutha asungidwe m'chigubu, mapampasi ndi mabatire asaone madzi. Mwana akakodza magazi, kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene sakugwirizana nane ayankhe ndi mfundo, osati zotukwana, ndimuyankha. Amene mwaona kuti muli nzeru, tumizani ku magulu ena mpaka uthengawu ufike pa foni ya khansala wanu ndi a mfumu anu. Ndipo mawa mukamva wina akuti nyanja imadzitsuka yokha, mufunseni kuti imakataya kuti litsirolo.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, Malindi, Mangochi.